Ife opanda nyanja, lamulo la nyanja likutikhudza pati?

Amake Dalitso: Mwaswera bwanji nonse. Ndikudziwa kuti muno muli aphunzitsi, ndithandizeni. Mwana wanga wa giredi 11 wabwera ndi funso loti afotokoze udindo wa boma la Zambia pa kuteteza nyanja yamchere. Nyanja yamchereyo ili kuti kwathu kuno? Kapena akunena Kariba ndi Tanganyika?

Jere wa ku Mtenguleni: Mtumeni ku damu la Lutembwe akalawe madzi. Akamva mchere alembe 😂

Aphunzitsi a ku Kapata: A Jere, musasocheretse mwana. Amake Dalitso, funsolo lili bwinobwino. Pali pangano lalikulu la mayiko lokhudza nyanja, lotchedwa UNCLOS. Linasainidwa ku Montego Bay, m'dziko la Jamaica, pa 10 Disembala 1982, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Novembala 1994. Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti dziko loyamba kulivomereza linali Fiji, lachiwiri ndife, mu Malichi 1983, nthawi ya a Kaunda. Mayiko okhala ndi magombe ataliatali anali akuganizabe, ife opanda ndi doko lomwe la panyanja yamchere tinali titalowa kale. Ndime 192 ya panganolo imapatsa mayiko udindo woteteza ndi kusamala nyanja, ndipo siyisankha kuti awa ali ndi gombe, awa alibe.

Jere wa ku Mtenguleni: Ndiye tinkathamangira chiyani? Maliro a eni ake, ife n'kukhala oyamba kulira.

Aphunzitsi a ku Kapata: Kumbukirani kumene tinachokera. Mu 1965 Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia popanda chilolezo cha Britain, njira yathu ya kumwera inasanduka msampha. Mafuta anasowa, anthu ankagula petulo ndi makuponi. Paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola inamangidwa mu 1968 chifukwa cha mavuto omwewo. Mu 1973 malire ndi Rhodesia anatsekedwa, kenaka njanji ya TAZARA inatha mu 1975. Dziko limene linapyola m'zimenezi likamva kuti pali pangano lopatsa mayiko opanda gombe ufulu wofika kunyanja ndi kudutsitsa katundu m'mayiko oyandikana nawo, lingachedwe? Ufuluwo uli pa ndime 125. Kuona kwanga, tinathamangira ndime imeneyi. Koma pangano silidulidwa pakati kuti utenge mnofu wokha. Ndime 207 imati dziko lililonse likhazikitse malamulo oletsa kuipitsa nyanja ndi zochokera kumtunda, ndipo imatchula mitsinje. Pamenepo ndiye patigwira.

Dalaivala wa Beira: Za ufulu wodutsazo ndikuzidziwa ndi msana wanga. Feteleza amene mukuthira m'chimangamo amatsikira pa Beira, wina pa Nacala, wina pa Dar. Koma aphunzitsi, ine doko ndimaliona ndi maso. Zimene zimaipitsa nyanja ndi sitima zija zazitali kuposa bwalo la mpira. Botolo la maheu la mwana wa ku Mchini lingafanane ndi zimenezo?

Wa Malamulo ku UNZA: Malume, sitima zili ndi malamulo ake, ndipo ndi okhwima kuposa a kumtunda. Pangano lake ndi MARPOL, la mu 1973, linakonzedwanso mu 1978, ndipo amaliyang'anira ndi a IMO, bungwe la mayiko loona za sitima za panyanja, ku London. Kuyambira kumapeto kwa 1988 sitima siziloledwa kutaya pulasitiki m'nyanja, ngakhale kamodzi. Vuto lili pa funso loti agwire ndani. Kutali ndi gombe, sitima imayankha ku dziko limene ikuulutsa mbendera yake, ndipo eni sitima ambiri amakalembetsa ku Panama kapena ku Liberia, kumene sanapondeko n'komwe. Dziko la gombe lili ndi mphamvu zonse pa mamailosi a panyanja 12 kuchokera pagombe, ndiye mphamvu ya pa nsomba ndi chuma china mpaka mamailosi 200, amene ndi pafupifupi makilomita 370. Komanso sitima ikaima padoko, eni doko angathe kuifufuza ndi kuiletsa kunyamuka.

Chitsanzo chapafupi ndi MV Wakashio. Eni ake a ku Japan, mbendera ya Panama, inagunda miyala ya pansi pa nyanja ku Mauritius pa 25 Julayi 2020. Mafuta pafupifupi matani 1,000 anatayikira m'madzi. Anthu a kumeneko anasoka zotchingira mafuta ndi masamba a nzimbe, ena mpaka kumeta tsitsi lawo n'kuikamo. Kaputeni ndi wachiwiri wake anagamulidwa miyezi 20 kundende mu Disembala 2021.

Dalaivala wa Beira: Miyezi 20 basi? Wakuba mbuzi kwathu kuno angaione miyezi 20 ngati tchuthi.

Wa Malamulo ku UNZA: Ndi zimenezo malume. Koma mfundo yanga ndi yakuti ngozi ya sitima imaoneka pa TV chifukwa imachitika tsiku limodzi. Zambiri zoipitsa nyanja zimachokera kumtunda, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene amazijambula.

Jere wa ku Mtenguleni: Imani kaye mwana wa sukulu. Tiyeni tilitsatire botololo. Lagwera mu Lunkhwakwa, mvula yalitenga, latsikira ku chigwa, lalowa mu Luangwa. Lapita mpaka ku Feira kumene Luangwa amathira mu Zambezi, tsidya lina kuli Zumbo. Kutsogoloko kuli chiyani? Cahora Bassa. Khoma lija lilipo kuyambira 1974. Botolo lidumpha bwanji khoma? Likhala pomwepo. Ndiye nyanja yamchere tiyisiye, tinene kuti tikuipitsa damu la a Mozambique.

Aphunzitsi a ku Kapata: Jografe mukuidziwa a Jere, apa ndakupatsani. Zoona, mabotolo ambiri amakodwa m'mabango ndi m'damu. Koma pulasitiki ikapsa ndi dzuwa imafumbutuka n'kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo madzi akamadutsa m'makina a magetsi timapita nawo. Nanga zosungunuka? Feteleza wokokoloka m'minda, mankhwala opopera thonje, zimbudzi zosefukira, asidi wa kumigodi, khoma silizisefa zimenezi. Zimatsika kudutsa Tete mpaka kumathiriro a Zambezi, kufupi ndi Chinde, kumene kuli nkhalango za mitengo yomera m'matope a mchere. M'mizu ya mitengoyo ndi mmene nsomba ndi nkhanu zimaswana. Asodzi a m'mbali mwa Sofala amadalira pamenepo.

Ndipo poti mwatchula khoma, madamuwo ali ndi mlandu wawo. Kariba wa 1959 ndi Cahora Bassa anasintha kasefukiridwe ka Zambezi. Kale madzi ankadzaza nthawi ya dzinja n'kutsitsa matope achonde kumathiriro, tsopano amatuluka motsatira kufunika kwa magetsi. Tikayatsa babu muno mu Chipata, tsiku limene magetsi aliko, ndiye kuti takhudza kale nyanja.

NaBanda wa Tomato: Tsiku limene aliko, mwanena bwino 😂 Ine ndawerenga zonse koma ndikuona kumene nkhaniyi ikulowera. Pamapeto pake muti olakwa ndife ogulitsa pamsika chifukwa timapatsa anthu tumapulasitiki. Tsiku lililonse ndimalipira ya msika. Mulu wa zinyalala kuseri kwa matebulo athu umakhala mpaka kumera tomato wina pamwamba. Mvula ikagwa wonse uja umalowa m'ngalande. Ndalama yanga ija imagwira ntchito yanji? Musandiuze za Jamaica, ndiuzeni za mulu uwu.

Wa Malamulo ku UNZA: Amayi, mulu umenewo ndiye Jamaica yathu. Pangano la kunja silidzabwera ndi fosholo. Limangouza boma kuti likhale ndi malamulo ake ndi kuwatsata, ndipo malamulowo tili nawo. Environmental Management Act ya 2011, lamulo nambala 12, ndi imene inakhazikitsa ZEMA, bungwe loyang'anira zachilengedwe. Chaka chomwecho panabwera lamulo la madzi, nambala 21, limene linabala WARMA, bungwe loyang'anira madzi. Mu 2018 panabwera lamulo la zinyalala, nambala 20, ndipo limaika ntchito yoyang'anira kutola ndi kutaya zinyalala m'manja mwa makhonsolo. Mu 2018 momwemo SI 65, lamulo losainidwa ndi nduna, inaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 30 (muyeso wa makulidwe ake), ndipo inati opanga ndi oitanitsa katundu wa m'mapulasitiki akhale ndi udindo pa zinyalala zimene katundu wawo amasiya. Taonani pamenepo, lamulo likuloza fakitale ndi woitanitsa poyamba, inu muli kumapeto kwa mzere.

NaBanda wa Tomato: Ndiye bwanji tumapulasitiki topyapyalato tikugulitsidwabe poyera? Ine sindipanga, ndimagula ku holoselo.

Adimini: Chonde osatchula maina a mashopu muno. Pitirizani.

Jere wa ku Mtenguleni: Chimene chinasintha ndi chimodzi: ku mashopu akuluakulu anayamba kutigulitsa pulasitiki imene kale ankatipatsa ulele. Lamulo loteteza chilengedwe linasanduka bizinesi.

Aphunzitsi a ku Kapata: Anzathu anachita mosiyana. Rwanda analetsa zikwama za pulasitiki mu 2008, Kenya mu 2017 ndi zilango zoopsa, Tanzania mu Juni 2019. Ukamalowa ku Tanzania amakuuziratu kuti zikwama za pulasitiki zisiye. Ku Malawi analetsa zopyapyala mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, khoti lalikulu la apilo linagamula mokomera boma mu 2019, koma kukokanakokana kunapitirirabe zaka zingapo. Ife tinasankha njira yofewa, yoyeza makulidwe. Tsono ndani amene adzayenda m'tuntemba monse ndi kachipangizo koyezera mamaikironi?

Mbuya wa ku Kitwe: Inu akum'mawa mukukangana za mabotolo, mwadya mbewa zingati lero? Bwerani kuno muone zenizeni. Chaka cha 2025 mu Febuluwale mipopi inauma tauni yonse, nsomba zili mimba m'mwamba mu Kafue.

Jere wa ku Mtenguleni: Mbuya, mbewa zathu zimamwa madzi oyera. Anyani anu aja amwa chiyani tsopano?

Mbuya wa ku Kitwe: 😂 Koma kunena zoona a Jere, zinali zomvetsa chisoni. Minda ya anthu m'mbali mwa mtsinje inapsa ngati yathiridwa madzi otentha.

Wa Malamulo ku UNZA: Zimene akunena a Mbuya zinalembedwa m'manyuzipepala onse. Pa 18 Febuluwale 2025 damu losungira zotsalira za mgodi wa Sino-Metals Leach ku Chambishi linagumuka. Poyamba kunalengezedwa kuti malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi analowa mu Mwambashi n'kutsikira mu Kafue. Boma linatumiza ndege za asilikali kukathira laimu mumtsinje. Tsono Kafue amathira mu Zambezi kufupi ndi Chirundu. Ndi msewu womwe uja wa botolo la a Jere.

Apa ndi pamene ndimati udindo wa boma suyambira pa kuthira laimu. Umayambira pa amene anapereka chilolezo cha damulo, amene ankayenera kumaliyendera, ndi zimene anachita atapeza zolakwika ngati anazipeza. Malamulo a nyanja amafuna kuti dziko lichite khama lenileni loletsa ngozi isanachitike, ndiponso kuti zochitika m'dziko mwako zisawononge za mnzako. Malamulo oyendetsera dziko lathu, monga anakonzedwera mu 2016, amanenanso kuti wowononga chilengedwe ndiye alipire.

Amake Dalitso: Nanga munthu wamba angachite chiyani? Kapena timangodikira boma lidzisumire lokha?

Wa Malamulo ku UNZA: Lamulo la 2011 lija limati munthu aliyense wokhala m'Zambia ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, otetezeka, osadwalitsa, ndipo ufuluwo ukaopsezedwa angathe kupita kukhoti. Anthu anayesapo. Anthu a m'midzi ya ku Chingola, oposa 1,800, anasumira makampani a migodi a Vedanta ndi KCM ku London chifukwa cha kuipitsidwa kwa mitsinje yawo. Mu Epulo 2019 khoti lalikulu la ku Britain linavomera kuti mlanduwo ungazengedwe kumeneko, ndipo mu Januwale 2021 anagwirizana zolipira kunja kwa khoti. Chimene chimandiwawa ine pa nkhaniyi ndi chifukwa chimene oweruzawo anapereka: anaona kuti kuno anthu osauka otere sakanapeza ndalama ndi maloya okwanira kuyendetsa mlandu waukulu chotero. Tangoganizani, lamulo lili m'buku ku Lusaka, chilungamo n'kukachipeza ku London.

Dalaivala wa Beira: Ndiye a Mozambique bwanji satisumira? Ife tikuwatumizira zonsezi.

Aphunzitsi a ku Kapata: Pa mtsinje pali bwalo lokambirana. ZAMCOM, pangano lake linasainidwa ku Kasane mu 2004, likulu lili ku Harare, ndipo muli mayiko asanu ndi atatu a m'chigwa cha Zambezi: Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Apa pokha ife tinachedwa, anzathu anasaina mu 2004 ife tinalowa patapita zaka, chonsecho gawo lalikulu la chigwacho lili kwathu. Pa ufulu wodutsa tinali achiwiri padziko lonse, pa kugawana mtsinje tinakoka miyendo. Kumbali ya nyanja kuli Nairobi Convention ya 1985, ya mayiko a m'mbali mwa Indian Ocean monga Mozambique, Tanzania ndi Kenya. Ife mulibemo poti tilibe gombe, ngakhale madzi athu ndi amene amathira kumeneko. Za kusumirana, khoti la nyanja lilipo ku Hamburg, koma anansi amene amagulitsana magetsi ndi kudutsitsana katundu sathamangira kukhoti.

NaBanda wa Tomato: Ine mwanditaya pa Hamburg. Ndifunseko china. Makerele a m'makatoni amene timagula ouma ndi ayezi aja, si a m'nyanja yamchere?

Wa Malamulo ku UNZA: Eya amayi, ambiri amachokera ku Namibia, ku Walvis Bay, nyanja ya Atlantic. Ndipo nsomba yomweyo ili ndi nkhani yake. Mu Novembala 2019 kunaphulika mlandu wotchedwa Fishrot. Zikalata zinatuluka zonena kuti kampani ya ku Iceland, Samherji, inkapereka ziphuphu kuti ipatsidwe gawo la nsombazo. Nduna ziwiri, Bernhardt Esau wa za nsomba ndi Sacky Shanghala wa za chilungamo, anatula pansi udindo n'kumangidwa. Boma la dziko la gombe lili ndi ntchito yoika malire a nsomba zogwidwa pachaka kuti zisathe. Malirewo akamagulitsidwa pansi pa tebulo, pamapeto pake katoni imakwera mtengo kwa inu.

NaBanda wa Tomato: Apa ndiye ndamva. Mukanayamba ndi ndiwo tikanagwirizana kalekale.

Jere wa ku Mtenguleni: N'chimodzimodzi ndi kutseka usodzi kwathu kuno, 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Lamulo lilipo, koma pitani pa mlatho wa Luangwa mu Januwale mukaone ngati mungabwere chimanjamanja.

Mlimi wa ku Petauke: Ndakhala chete ndikuwerenga. Palibe amene watchula golide. Kuno ndi ku Vubwi anyamata ali m'mitsinje kusefa, ndipo ena amagwiritsa mekyule kuti agwire golideyo. Amapukusa ndi manja, kenaka amawotcha pamoto, utsi uli m'mphuno. Madzi otsukira amabwerera mumtsinje momwe amayi akutunga kumunsi. Sindikuwanyoza, chilala cha 2024 chinatisiya opanda kanthu m'nkhokwe, munthu umapita kumene kuli ndalama. Koma zimenezi lamulo lake ndi liti?

Aphunzitsi a ku Kapata: Mwakhudza pachilonda bambo. Lamulo lake lili ndi dzina la mudzi wa asodzi. Ku Minamata, m'dziko la Japan, fakitale ya Chisso inkathira madzi a mekyule m'nyanja kwa zaka zambiri. Mekyule inalowa m'nsomba, amphaka anayamba kuzungulira ngati amisala, kenaka anthu kunjenjemera, kulephera kuyankhula, ana kubadwa olumala. Matendawa anadziwika mu 1956, koma boma la Japan linadzavomereza chimene chinkawayambitsa mu 1968. Zaka 12, fakitale ikuthirabe. Pangano la mayiko loletsa mekyule, la mu 2013, analitcha Minamata pokumbukira zimenezo, ndipo Zambia ili momwemo. Limafuna kuti dziko lokhala ndi okumba golide ang'onoang'ono likonze ndondomeko yochepetsa mekyule, mpaka kuisiya kumene kungatheke. Mekyule siwola. Imachoka m'kansomba kulowa m'nsomba yaikulu, n'kumachulukirachulukira mpaka pa mbale ya munthu, kaya ali ku Nyimba kaya ku Quelimane.

Mlimi wa ku Petauke: Ndiye kuthamangitsa anyamata ndi apolisi sikuthandiza. Mawa abwerera. Afunseni amene amabweretsa mekyuleyo m'timabotolo, ndi omwewo amene amagula golide.

Jere wa ku Mtenguleni: Inetu ndikadali ndi funso langa. Mayiko olemera ndi amene anadzaza nyanja ndi zinyalala ndi utsi. Lero atiuze ife kuti tili ndi udindo wofanana?

Wa Malamulo ku UNZA: Pangano la UNCLOS lija silinena kuti mtolo ndi wofanana, limati dziko lichite molingana ndi mphamvu zake, ndipo olemera athandize osauka ndi luso ndi zipangizo. Pa za utsi, mu Meyi 2024 khoti la ku Hamburg lija linapereka uphungu wakuti mpweya wotenthetsa dziko ndi kuipitsa nyanja ndithu, ndipo amene anapempha uphunguwo ndi timayiko ta pazilumba. Nyanja ikatentha anamondwe amakula mphamvu. Idai wa mu Malichi 2019 anagwetsa Beira, malume a Dalaivala angatiuze. Za pulasitiki, mayiko anagwirizana ku Nairobi mu 2022 kuti alembe pangano latsopano. Anakumana ku Busan kumapeto kwa 2024, osamvana. Ku Geneva mu Ogasiti 2025, osamvananso, makamaka pa nkhani yoti kupanga pulasitiki kuchepetsedwe, imene mayiko a mafuta sakuifuna. Ndiye a Jere simukunama. Koma Saudi Arabia kukana ku Geneva sikuchotsa mulu wa aNaBanda.

Dalaivala wa Beira: Idai musandikumbutse. Msewu wa ku Beira unaduka, mathiraki anaima mzere, katundu akuonongeka tikuona.

NaBanda wa Tomato: Tsono a Malamulo, poti mukuti lamulo la zinyalala lilipo, tilembereni kalata. Ife amayi a pamsika tisaina. Mutchulemo nambala zija, 20 ndi 65, kuti adziwe kuti sitikungolongolola.

Wa Malamulo ku UNZA: Ndilemba usiku uno. Koma mujambule muluwo ndi ngalande imene umathiramo, zithunzi zikhale ndi tsiku. Kalata ipite kwa khansala wa wadi yanu, ina ku ofesi ya za umoyo, ndipo musunge yanu yodindidwa.

Jere wa ku Mtenguleni: Ayankha chaka cha masankho.

NaBanda wa Tomato: A Jere, inu muli ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri. M'malo moseka bwerani nazo Loweruka.

Jere wa ku Mtenguleni: Kuchoka ku Mtenguleni ndi ngolo mpaka m'tauni? Ng'ombe zanga sizinasaine pangano lililonse.

Adimini: A Malamulo, mukalemba muiike muno tiione tonse isanapite. A ku Petauke, nkhani ya mekyule ija muitsegulire pake mawa, muno muli anamwino awiri amene sanayankhulepo.